Mayi Woima Pakati pa Nyanja Youma

Inu mumaopa mdima, ndikudziwa. Koma mukafunse anthu a ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, akakuuzani kuti ziliponso zina zoyenda dzuwa lili paliwombo, nthawi imene munthu amaponda chithunzithunzi chake. Elube, mkazi wa a Makwinja, anazidziwa zimenezi chaka chimene nyanja inaphwa.

A Makwinja anali ndi bwato lamatabwa. Kwa zaka zambiri ankawolotsa anthu kuchoka padoko la Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi. Anali munthu wofatsa, wosadziwa kukalipa, wokonda kunyamula mwana wawo Linesi paphewa pobwera kudoko. Chaka chimenecho mvula inavuta, madzi n'kuyamba kuthawa. Poyamba bwato ankalikankha m'matope kuti likapeze madzi. Pofika Seputembala linali litagona cham'mbali ngati ng'ombe yodwala, ndipo pamene panali nyanja panangotsala chigwa chong'ambikang'ambika, chopanda ndi mtengo umodzi womwe. Mchere unatuluka pamwamba pa dothi, kuyera kuti mbee. Dzuwa likawomba pamenepo linkabwerera m'maso mwa munthu, moti woyenda ankapsa kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe.

Koma anthu a ku Chisi sanasiye kudwala, sanasiye kupita kuchigayo ndi kumsika. Choncho eni mabwato anasanduka akabaza. A Makwinja nawo anamangirira khushoni kumbuyo kwa njinga yawo, n'kuyamba kupalasa pamene kale ankayendetsa bwato. Ankanyamuka kukangocha, kubwera dzuwa litapendeka, tsiku lonse ali pambalambanda. Sabata yachiwiri kamvuluvulu anawalanda chipewa.

“Mugule china, bambo a Linesi,” anatero Elube.

“Ndigula mawa.”

Mawa limenelo silinafike.

Chinayamba ndi litsipa. Ankafika pakhomo maso ali psuu, n'kukhala pakhonde atagwira mutu. Kenako anayamba kuiwala. Ankatha kuyamba nkhani n'kuisiya panjira, n'kumangoyang'ana khoma. Tsiku lina Linesi anawathamangira monga mwa masiku onse, iwo n'kumukalipira mwaukali mpaka mwana anakabisala kuseri kwa nkhokwe. Atazindikira zimene achita, anakhala pansi n'kuyamba kulira. Elube anali asanawaonepo akulira.

Akalowa m'nyumba ankatseka chitseko ndi mazenera, koma n'kumadandaulabe.

“Mayi a Linesi, tatsekani uko. Kukuwala.”

“Ndatseka kale. Onani, muno muli mdima.”

“Kukuwala, ndikukuuzani. Ndikatsinzina ndiye kumawala kwambiri.”

Elube anayamba kuwadzazira chigubu chachikulu cha madzi m'mawa uliwonse. Madzulo chigubu chinkabwera chopanda kanthu, koma milomo ya amuna ake inali yong'ambika, lilime louma ngati la munthu amene sanalaweko dontho. Izi zinamudabwitsa.

Tsiku lina akulowetsa njinga m'nyumba, dzanja lake linagunda khushoni. Inali yonyowa. Anaifinya, madzi n'kudontha. Ananunkhiza dzanja. Silinali thukuta ayi. Linali fungo limene anali atayamba kuliiwala, fungo la madzi a m'nyanja, la matope ndi mabango ovunda.

“Mwanyamula nsomba lero?” anafunsa.

“Nsomba zichokera kuti?”

“Nanga khushoniyi yanyowa bwanji?”



“Ndi mayi uja,” anatero a Makwinja.

“Mayi wake uti?”

“Amaima pakati. Pamene panali pakuya paja. Dzuwa likafika paliwombo ndimamupeza ataima, atafunda chitenje kumutu. Amati ali ndi ludzu, ndiye ndimamupatsa madzi. Kenako amati ndimuwolotse.”

“Amapita kuti?”

“Sanena. Amangokwera. Amalemera, mayi a Linesi, amalemera ngati thumba la mchenga wonyowa. Ndimapalasa mpaka mtima kufuna kuphulika. Ndikayandikira mabango a kuno kumtunda, njinga imapepuka. Ndikacheuka, palibe. Mawa lake ndimamupezanso pompaja.”

“Nkhope yake munaiona?”

“Kumawala kwambiri. Nkhope siioneka.”

 Elube anadziwa chimene amuna ake ankaganiza, ngakhale sanachitchule. Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, mphepo inadzuka mwadzidzidzi bwato la a Makwinja lili pakati pa nyanja, n'kuligudubuza. Asodzi anapulumutsa onse kupatula mayi mmodzi wa ku Chisi, Abiti Lajabu. Anamufunafuna masiku atatu osamupeza. Palibe amene anawaloza chala a Makwinja, poti mphepo ilibe mwini, koma iwo analephera kuyang'ananso madzi. Anakakhala kwa achimwene awo ku Zomba miyezi itatu. Atabwerera anayambiranso ntchito, ndipo dzina la mayiyo silinatchulidwenso m'nyumba mwawo.

M'mawa mwake Elube anapita kwa a Mulepa, mnzawo wa a Makwinja wa kuyambira ubwana, amenenso ankapalasa kabaza. A Mulepa anali munthu wansangala, wa mawu aakulu, koma atamva funso la Elube anasiya kupopa njinga.

“Alamu, ndimafuna ndibwere ndekha kudzakuuzani,” anatero. “Tonse tikuziona. Mnzanga uja akafika pakati amatsika njinga, n'kumayankhula yekha. Amatsanulira madzi pansi, chigubu chonse. Akatero amakwera n'kumapalasa movutikira ngati wanyamula matumba atatu, kumbuyo kulibe munthu. Anthu ayamba kuopa kukwera njinga yake.”

“Ndiye mukuti n'chiyani, alamu?”

“Ndi dzuwa basi. Dzuwa la pamenepaja si lamasewera. Ine ndemwe nthawi zina ndimaona madzi akunyezimira kutsogolo, ndikafika palibe. Muwagoneke pakhomo sabata imodzi, muona achira. Za mizimuzo ayi. Mzimu wanji woyenda masana ngati wogulitsa mandasi?”

Anaseka, koma Elube sanaseke.

Madzulo ake anawachonderera amuna ake kuti apume. Anabisa pampu, iwo anakabwereka kwa anzawo. Anawagwadira pakhomo.

“Bambo a Linesi, taonani mmene mwathera. Simukudya, simukugona. Khalani masiku atatu okha.”

“Ndikakhala, amuwolotsa ndani?” anayankha motsitsa mawu. “Ndinamusiya kamodzi. Mukufuna ndimusiyenso?”



Linali Lachinayi, mkati mwa Okutobala, tsiku limene ngakhale nkhuku zinangoyasama pansi pa nkhokwe. Dzuwa litangodutsa paliwombo, Elube anamva belu la njinga likulira mosalekeza. Anali a Mulepa.

“Alamu, kwerani! Mnzanga wakhala pansi pakati paja. Tayesa kumunyamula, akutimenya. Mwina inu akumverani.”

Elube anasiya Linesi kwa mayi woyandikana nawo nyumba, anatenga chigubu cha madzi ndi zitenje ziwiri, n'kukwera.

Anali asanalowepo m'nyanja youmayo masana. Atangodutsa mabango, mphepo yotentha inamuwomba kumaso ngati watsegula uvuni wa njerwa. Kunalibe mbalame, kunalibe ntchentche. Kumanja kuyera, kumanzere kuyera, kumwamba kuyera. Phiri la Chisi linkaoneka ngati likuyandama, losagunda pansi. Apa ndi apo panali zinthu zimene madzi anasiya: chidutswa cha ukonde, mphika wosweka, nsapato imodzi ya mwana. Misozi inkangotuluka yokha m'maso mwake chifukwa cha kuwala, ndipo m'makutu munayamba kulira kaphokoso kosatha. Anaganiza mumtima: bambo a Linesi akhala akuyenda muno tsiku ndi tsiku, kuposa mwezi wathunthu, mutu uli pamtunda.

Anawaonera patali, kadontho kakuda pakati pa kuyera. Njinga inali itagwa cham'mbali. Iwo anali atagwada, akukumba dothi ndi manja. Zikhadabo zinali zitathyoka, zala zikuchucha magazi.

“Gwirani bwato!” ankafuula ndi mawu osasa. “Mayi, gwirani bwato, musasiye! Ndikubwera!”

Elube anatsika n'kuwagwira paphewa. Thupi linali lotentha ngati chiwaya, koma louma, lopanda ndi thukuta lomwe.

“Bambo a Linesi, ndine. Ndine Elube.”

Anamuyang'ana osamuzindikira.

“Thandizeni,” anatero. “Ali pansi apa. Akumira.”

“Kulibe madzi kuno. Nyanja inaphwa.”

“Simukumva?”

Elube anafuna kunena kuti sakumva kanthu. Koma anamva. Chapansipansi, kumbuyo kwake, panali kaphokoso kamene mkazi aliyense wa mwini bwato amakadziwa: madzi akumenya m'mbali mwa matabwa. Phwa. Phwa. Phwa.

Elube anayang'ana a Mulepa. Iwo anali ataima chapatali atagwira njinga, akupukuta nkhope ndi malaya.

“Alamu, mukumva?”

“Kumva chiyani? Fulumirani, alamu, tipsa tonse pano.”

Elube sanacheuke. Anaona kuti akacheuka sathanso kuwathandiza amuna ake, ndipo afera pomwepo. Anangoyang'ana pansi. Pambali pa dzenje limene a Makwinja ankakumba, pa dothi loyera louma, panali malo awiri onyowa, oyandikana, aakulu ngati mapazi a munthu wamkazi. Sanali kuuma.

Mantha anamugwira, koma pamwamba pa mantha panabwera chisoni, cha amuna ake ndi cha winayo yemwe. Anagwada bwinobwino monga amachitira munthu polankhula ndi mlendo wolemekezeka, n'kuwomba m'manja katatu.

“Mayi,” anatero, “ine sindikukudziwani, koma ndinu mkazi mnzanga. Ngati mwavutika, pepani. Pepani ndithu. Koma bambo awa anayesetsa. Tsiku lija anamira katatu kukufunani mpaka anasanza magazi. Zaka zonsezi sanagonepo tulo tabwino. Ali ndi mwana wamng'ono kunyumba. Chonde, ndisiyireni mwamuna wanga.”

Kaphokoso ka madzi kaja kanaleka. Kunangoti zii. Kenako pafupi ndi khutu lake Elube anamva mpweya, ngati wa munthu amene watula mtolo wa nkhuni atayenda mtunda wautali.

A Makwinja anagwa chafufumimba.

Elube ananyowetsa chitenje n'kuwakulunga kumutu ndi pachifuwa, china n'kuwaphimba. Anawadonthezera madzi pamilomo. Awiriwo anawakweza panjinga ya a Mulepa, Elube akuwagwirira kumbuyo, n'kuyamba kukankha. Sanayang'anenso pamalo onyowa paja.

Kuchipatala chaching'ono cha kumtunda anawaika diripi n'kuwapukuta thupi lonse ndi nsalu zonyowa. Dokotala wake anali mayi wachikulire wolankhula mosapsatira.

“Mukanachedwa ola limodzi, bwenzi tikunena zina,” anauza Elube. “Dzuwa likamuwomba munthu tsiku ndi tsiku, osamwa madzi, osagona, silipsereza khungu lokha. Limafika mpaka m'mutu. Munthu amakwiya msanga, amaiwala, amaona ndi kumva zinthu zoti palibe. Ndipo ngati ali ndi chinthu chimene chakhala chikumudya mumtima, chimenecho ndiye chimayamba kutuluka. Amuna anu si amisala, musalole anthu awatchule choncho. Akufunika mthunzi, madzi, tulo, ndi munthu womvetsera akamalankhula.”

Elube anavomera zonse. Za mapazi onyowa sananene. Iyenso anali atayenda padzuwa tsiku limenelo, ndipo ankadziwa chimene dokotala angayankhe.

A Makwinja anatuluka patatha masiku anayi. Elube anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Litsipa linayamba kuchepa, tulo tinabwerera pang'onopang'ono. Tsiku lina anaitana Linesi n'kumupepesa, mwana n'kukhala pamiyendo pawo. Koma dzuwa likafika paliwombo ankakhala tsonga, maso ali kunyanja.

“Mafupa ake ali pompaja,” ankatero. “Alibe manda. Ndiye chifukwa chake.”

Elube anaganiza zopita ku Chisi kukapempha abale a malemuwo kuti abwere adzakumbe, ngati pali chopezeka akachiike m'manda mwaulemu. Ananyamuka wapansi kusanatenthe, atafunda kumutu, ndipo pamalo paja anadutsa chapatali. Atafunsafunsa pachilumbapo, anamulozera nyumba ya Che Saidi, mchimwene wake wa Abiti Lajabu, bambo waimvi amene anamupeza akusoka mphasa.

Che Saidi anamvetsera mpaka Elube anamaliza. Kenako anaika singano pansi.

“Mayi, mukuti amuna anu sakudziwa?”

“Kudziwa chiyani, bambo?”

“Mlongo wanga anapezeka. Patapita masabata awiri, asodzi anamupeza m'mabango tsidya lija, kumalire ndi Mozambiki. Ndinapita ndekha, ndinamuzindikira. Sizikanatheka kumunyamula, ndiye tinamuika konko, mwa mwambo wathu wonse, mapemphero onse. Manda ake ndimakalimira chaka ndi chaka. Tinatuma munthu kudoko kuti akauze mwini bwato, anabwera n'kuti bamboyo anachoka, ali ku Zomba. Ife tinkayesa uthenga unawapeza.”

Elube anagwira pakamwa. Masiku amenewo iyenso anali kwawo, akudwazika mayi ake.

“Zaka zisanu ndi zinayi,” anatero Che Saidi akupukusa mutu. “Munthu kusenza chinthu chotere yekha. Ife sitinamusungirepo chakukhosi. Tiyeni, ndikamuuze ndi pakamwa panga.”

Anawoloka limodzi m'mawa wa tsiku lotsatira. Pansi pa mango paja, Che Saidi anagwira dzanja la a Makwinja n'kuwafotokozera zonse, mpaka mtengo umene uli pamandapo. A Makwinja anafunsa kawiri, “Ali m'manda? Munamuika?” Atayankhidwa kachiwiri, anaweramira pansi n'kulira ngati mwana, ndipo Che Saidi sanawasiye dzanja mpaka anatonthola. Tsiku limenelo a Makwinja anagona kuyambira masana mpaka m'mawa, osatembenuka.

Kuyambira pamenepo anayamba kuchira zenizeni. Anasiya kuyang'ana kunyanja. Anayamba kuthandiza Elube kudimba m'mamawa, dzuwa likakwera n'kubwerera pamthunzi. Funso limene linatsala linali la Elube yekha, ndipo ankalikankhira kutali likabwera: ngati Abiti Lajabu anali m'manda mwake zaka zonsezi, nanga iyeyo tsiku lija anagwadira ndani?

Panapita masabata awiri. Tsiku lina chakumasana, a Makwinja ali mtulo pamphasa, Elube akupeta mpunga pakhonde, anaona a Mulepa akubwera akukankha njinga. Sanaimbe belu. Sanafuule moni monga ankachitira. Anaima pabwalo, padzuwa, maso ali psuu, milomo itang'ambika.

“Alamu, takulandirani. Fikani pamthunzi.”

Sanasunthe.

“Alamu,” anatero ndi mawu aang'ono, osakhala awo, “tsiku lija munkalankhula ndi ndani?”

Elube anaika lichero pansi.

“Bwanji, alamu?”

“Dzulo mayi wina anandiimitsa pakati paja. Lero wandiimitsanso. Akuti, ‘Mlamu wako anandipempha kuti ndimusiyire mwamuna wake. Ndamusiyira.’” A Mulepa anameza malovu amene panalibe. “Kenako anakwera.”

Elube anayang'ana amuna ake ali mtulo, anayang'ananso munthu wamkulu uja akunjenjemera pakati pa bwalo ngati mwana wotayika pamsika. Anatsika pakhonde, anachotsa manja awo pa handulo chala chimodzichimodzi, njinga n'kuisiya igwe. Anawatsogolera pansi pa mango, anawakhazika, n'kuwagwirira kapu ya madzi pakamwa mpaka anamaliza. Anawathiriranso ina.

“Anthu akundidikira ku Chisi,” anatero a Mulepa. “Ndiyenera kubwerera.”

“Adikire,” anatero Elube. “Ndikukaitana akazi anu, tipite nanu kuchipatala. Kunyanja kuja simupitako lero, alamu. Ngakhale mawa.”